Belu la ba Likando

Ba Likando anagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi yathu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo amene anawachotsetsa ntchitoyo ndine. Kalata sindinasaine ine, koma pakamwa poyambitsa nkhani panali panga, zala zotayipa kalatayo zinalinso zanga. Ndanena poyambirira kuti musadzandimvere chisoni pakati pa nkhani.

Dzina la ofesiyo ndilisunga. Inali ya boma, mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, nyumba yakale ya khonde lalitali ndi malata ofiira amene mwezi wa Okutobala ankatiwotcha ngati mbatata. Ine ndine Mutinta, ndinkatayipa makalata. Tebulo langa linali pakhomo pa chipinda cha bwana, ndipo moyang'anizana nane panali benchi ya ba Likando. Pamwamba pa benchiyo panali belu. Bwana akadina batani pansi pa tebulo lake, belu linkalira, ba Likando n'kudzambatuka, kukoka malaya awo a khaki kuti awongoke, kugogoda kawiri, n'kulowa. Ntchito yawo yonse inkayambira pa belulo, kaya ndi kunyamula mafayilo, kupereka tiyi, kapena kupalasa njinga kupita ku positi ndi ku siteshoni ya sitima.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, Mlozi wa ulemu wotopetsa. Moni wawo wam'mawa unkatha tiyi wanga atazizira, chifukwa ankafunsa za ine, za amayi anga, za mwendo wa amayi anga, mpaka za nkhuku. Chizungu sankawerenga, koma mayina a pa envelopu ankawadziwa ngati nkhope za abale awo, ndipo sanasokeretsepo kalata ngakhale imodzi. Tinkakangana pafupipafupi. Iwo ankati ndili ndi pakamwa pothamanga, ine ndinkati ali ndi mutu wouma. Tonse tinkanena zoona.

Panali mawu amodzi amene sankachoka pakamwa pawo: kuposa. Ife mawuwa timangowataya pa zinthu wamba. Timati sopo wasowa kuposa chaka chatha, mzere wa mchere watalika kuposa wa dzulo. Ba Likando ankawatchula ngati pemphero.

"Mwana afunika kukuposa," ankatero, akupukuta nsapato zawo ndi kansalu. "Ngati sanakupose, ninshi wabala chabe munzako wa njala."

Mwana amene ankamunenayo anali Inambao, mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, amene anali ku yunivesite ku Lusaka. Makalata ake ndinkawawerengera ndine. Ndikamaliza ankati ndibwerezenso, ndipo ndikakana ankanditchula waulesi.

Chaka cha 1974 mzungu womaliza wa pa ofesi yathu analongedza katundu wake. Kunabwera kalata yonena kuti bwana watsopano ndi I. Mundia. Nditawerenga mokweza, Jethro, kalaliki wathu wa nthabwala zosapsa, anafunsa kuti Mundiayo ndi wa kuti. Ba Likando anangokhala pansi pang'onopang'ono pa benchi, n'kuvula chipewa.

Nkhani yake inali yotere. Azungu powalemba ntchito kalekale anangolemba dzina loyamba, Likando, poti mesenjala safunika mayina awiri. Mwana uja kusukulu analembetsa dzina la banja, Mundia. Choncho a ku Lusaka potumiza bwana wachinyamata ku Livingstone sanadziwe kuti akumutumiza kukalamula atate ake.

Lolemba limene Inambao anayamba ntchito, ba Likando anabwera atasita yunifolomu mpaka mzere wa thalauza ukanatha kucheka chala. Tinaima pakhonde tonse kumulandira. Anatsika m'galimoto atavala suti ya safari yotuwa, mnyamata wamtali, wa maso ofatsa, n'kuyamba kutipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi. Atafika pa atate ake, sanatambasule dzanja. Anagwada pa simenti, suti ndi suti yomweyo, n'kuomba m'manja monga amachitira kwawo.

Anthu odutsa mumsewu anaima kuonerera. Nkhope ya ba Likando inada.

"Nyamuka," ananena chapansipansi, milomo osaitsegula bwino. "Pano ni pa nchito. Vogwada ni va ku nyumba, ku Libuyu."

"Bo ndate..." anayamba Inambao, kuitana atate ake m'Chilozi.

"Nati nyamuka. Bwana sagwada."

Inambao anadzuka, fumbi lili m'mawondo. Ine ndinaseka nawo pang'ono tsiku limenelo, osadziwa kuti ndikuseka pa maliro.

Tsiku loyamba belu silinalire. Tinati bwana akuzolowera. Sabata inatha, belu lili chete. Inambao akafuna fayilo ankatuluka yekha kudzaitenga. Tiyi ankabwera naye m'fulasiki kuchokera kunyumba. Makalata opita ku positi ankawaika pa tebulo langa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba Mutinta, mubapemphe bo ndate, ngati bali na nthawi." Ankanena zimenezi atate akewo ali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene waima.

Ine ndine Mtonga, miyambo ya Alozi ndinaidziwira m'tauni momwemo, koma ichi ndinachimvetsa msanga. Kwa iwo mwana satuma atate ake. Sakhala pampando atate ake ali chiimire, ndipo salandira kanthu kwa iwo osaomba m'manja. Inambao analeredwa choncho, ndipo amene anamulera choncho ndi munthu yemweyo amene tsopano ankafuna kuitanidwa ndi belu.

"Sinifuna kupemphewa," ba Likando anandiuza tsiku lina, atakankha makalata amene ndinawapatsa. "Nifuna kutumiwa. Wopemphewa ni mlendo. Ine nisebenza pano."

"Nanga si nchito ni imozi, ba Likando? Positi ni positi."

"Imwe mungakonde kuti makalata bazilemba na manja, imwe muli nkhale pa mashini yanu?"



Anayamba kufota tikuwaona. Munthu amene ankayenda ngati msilikali anasanduka mlonda wa benchi. Jethro naye sanachedwe kupeza nyimbo. "Ba Likando bapasiwa pulomoshoni," ankatero akamadutsa. "Manje ni ba manejala ba benchi." Ndinamuuza kuti tsiku lina ndidzamutayipa pamphumi, koma mawu anali atalowa kale.

Masana ena, Inambao atapita kukadya, ba Likando anandiyandikira ngati munthu wofuna kubwereka mchere.

"Ba Mutinta, ija belu iyenela inafa. Waya ni yakudala. Ngenani mudinikize tione."

Ndinadziwa kuti waya alibe mlandu, koma ndinalowa, n'kupapasa pansi pa tebulo, n'kudina. Belu linalira bwinobwino, mokweza ngati kale. Nditasuzumira pakhomo ndinawapeza ataima chilili, manja atakoka kale malaya. Thupi lawo linadzuka lokha. Anayang'ana belulo kanthawi, kenako anakhala pansi.

"Isebenza," anatero.

Madzulo ake ndinalowa kwa bwana popanda kuitanidwa, chifukwa mtima wanga suchedwa kuwira.

"Ba bwana, dinikizani chabe ija belu. Kamozi pa siku. Simuona kuti mudala akutha?"

Inambao anavula magalasi n'kutikita maso. "Ba Mutinta, imwe mungaitane batate banu na belu?"

"Batate banga si ba mesenjala."

"Ninali na zaka naini," anatero. "Banaibala chakudya ku nyumba, bamama bananituma kuti nibapelekele. Ninaimilila paja pamene pali tebulo yanu. Belu inalila, bo ndate banasiya kukamba na ine pakati pa mau, banathamanga. Muzungu anali mufana, ndevu kulibe. Sanabayangane na kumaso. Ninalumbila siku ija kuti nikakula, kulibe munthu azabalizila belu futi. Manje mufuna nikhale ine?"

Mawa lake ndinafotokozera ba Likando zimenezi, poganiza kuti mtima wawo ufewa. Anandiyang'ana modabwa.

"Siku ija naikumbuka," anatero. "Pamene ninachoka mu ofesi, ninamugwila pa phewa, ninamuuza kuti, waona ija belu? Siku ina uzankhala iwe kuseli kwa chiseko. Nakhala niyembekeza zaka zonse izi. Nathamangila bana ba benangu, ba Smiti na ba ndani. Wanga yeka ndiye anikana?"

Tsiku limodzi lomwelo, anthu awiri anachokapo ndi malumbiro awiri osiyana. Ine wa pakati ndinangotsala ndi mutu wopweteka.

Chodabwitsa n'chakuti kunyumba zinthu zinkayenda bwino. Ine ndinkakhalanso ku Libuyu, mizere iwiri ya nyumba kuchokera kwa ba Likando, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkaona galimoto ya bwana itaima pa mchenga pansi pa mtengo wa mango. Ba Likando ankakhala pa mpando wawo wa ndalema, Inambao pansi pa mphasa, nsapato atavula, akumvetsera atate ake akumudzudzula za kumeta tsitsi. Pamenepo aliyense ankadziwa malo ake. M'nyumbamo, pakhoma, panali chithunzi cha Inambao atavala mkanjo wa ku yunivesite. M'munsi mwake munali msomali wopanda kanthu. Ba Likando anaukhomereratu kudikira satifiketi yaulemu imene munthu ankalandira akakwanitsa zaka makumi atatu pa ntchito ya boma. Zinali zitatsala zitatu.

"Yanga izankhala pansi, yake pamwamba," anandiuza akuloza msomaliwo. "Ndiye mwamene ifunikila."

Mu Okutobala kunabwera mkulu wina wochokera ku Lusaka kudzayendera maofesi. Anali bambo wonenepa, wa baji ya Chipani pachifuwa, wotuluka thukuta ngakhale ali pansi pa fani. Anatsekeredwa ndi Inambao m'chipinda kuyambira m'mawa. Itakwana teni koloko ba Likando anayang'ana belu, anayang'ana wotchi, anayang'ananso belu.

"Mulendo wa ku Lusaka azamwa tiyi ya mu fulasiki?" anandifunsa. "Tizachita manyazi ofesi yonse."

Anapita kukaphika tiyi, anaika makapu abwino aja pa thireyi, anagogoda kawiri n'kulowa osaitanidwa. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo zonse ndinaziona. Inambao atangoona atate ake atanyamula thireyi, anadzuka mofulumira mpaka mpando unagunda khoma. Anawalandira thireyiyo, anaiika pa tebulo, ndipo manja ake anaomba okha kawiri, mawondo atapindika pang'ono. Sanaganize n'komwe. Mlendo uja anayang'ana mesenjala, anayang'ana bwana, n'kuphulika kuseka.

"Kansi pano bwana ni ndani?"

 Ba Likando anatuluka maso ali pansi.

Masana, mlendoyo akupita ku galimoto, anaima pa tebulo langa akupukuta khosi ndi kansalu.

"Mayi, uyu bwana wanu amayopa ba mesenjala masiku yonse? Tinatuma mwamuna olo tinatuma mwana wa sukulu?"

Apa ndiye pamene ndikanaluma lilime. Koma magazi anandikwera kumutu. Ndinkafuna kumuchotsa chiseko chija pankhope, ndinkafuna adziwe kuti akuseka anthu omuposa ulemu.

"Si mantha, ba shikulu, ni ulemu," ndinatero mokweza. "Baja ni batate bake. Banamuphunzisa na njinga ija muona panja."

Chiseko chinachokadi. Ndinamva kukoma kwa kamphindi kamodzi.

"Batate bake," anabwereza. "Mu ofesi imozi. Wako ni wako, ai?"

"Awe, mudala anayamba nchito bwana akalibe kubadwa!"

"Banthu sapenda zaka, mayi. Baona chabe." Anapinda kansalu kake, n'kutuluka.

Masiku amenewo mawu akuti wako ni wako ankanunkha. Ankanenedwa pa wailesi ndi pa misonkhano ya Chipani ngati matenda ofunika kuwathetsa, ngakhale aliyense ankadziwa kuti akuluakulu omwewo adzaza abale awo m'maofesi, kungoti abalewo sankawaombera m'manja pamaso pa alendo. Patatha masabata awiri kalata inafika. Ndinaitsegula ndine. Inati bambo ndi mwana sangagwire ntchito pamalo amodzi, wina akulamula mnzake. Mmodzi achoke mwezi usanathe. Ngati ndi mesenjala, apume ntchito. Ngati ndi bwana, kuli malo a ukalaliki ku boma lina lakutali, ndipo mpando wake uperekedwa kwa wina. Anamusiyira Inambao kuti asankhe yekha, ngati kuti akumuchitira chifundo.

Ndinamupatsa kalatayo, ndipo ndinamuuzanso zimene ndinalankhula kwa mlendo uja. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna atatero. Anangoti, "Munakamba zoona, ba Mutinta," ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Mawa lake anandiitana ndi kabuku kanga. Anayamba kunditchulira kalata yovomera kutsika, kupita ku ukalaliki. Ndinalemba mizere itatu, kenako ndinaika pensulo pansi.

"Ba bwana, iyi sinizatayipa."

"Ni nchito yanu."

"Nichoseni. Muganiza mukaseluka pa mupando muzabapulumusa? Muzabapaya. Baja bantu bakhala moyo wonse kuti imwe mubapose. Mukabwelela pansi chifukwa cha beve, bazayenda bwanji mu Libuyu?"

 Panja sitima ya katundu inkalira ku siteshoni. Kenako anatambasula dzanja, ndinamupatsa pepala lija, analing'amba. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinanena zanzeru kapena pakamwa panga panathamanganso kachiwiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti kalata yachiwiri, yopumitsa atate ake ntchito, ndinaitayipa popanda kulakwitsa chilembo ngakhale chimodzi, ndipo ndinadana nazo zala zanga.

"Koma musabapase pano," ndinamuuza. "Yendani ku nyumba pa Sondo, munkhale pa mphasa, mubauze monga mwana."

Anavomera. Lamlungu ndinaona galimoto pansi pa mtengo wa mango. Lolemba ba Likando anabwera akuimba kanyimbo ka ku tchalitchi, ndipo ndinadziwa kuti sanauzidwe. Lamlungu linalo chimodzimodzi. Inambao ankapita ndi envelopu m'thumba n'kubwerera nayo. Ine ndinkakhala moyang'anizana ndi munthu wachikulireyo tsiku lonse, akundifunsa za mwendo wa amayi anga, ndikudziwa zimene zili m'dirowa ya bwana. Sindinadyepo bwino masabata amenewo.

Tsiku lomaliza la mwezi linali Lachisanu. Kumwamba kunali mitambo yolemera imene inkangolonjeza mvula osagwetsa. Cha m'ma leveni Inambao anandiitana ndi mawu, monga ankachitira.

"Ba Mutinta, bapaseni ndimwe. Napapata," anandichonderera.

"Awe," ndinatero. "Natayipa, yakwana. Iyi ni yanu."

Ndinkadziona ngati wolimba mtima ponena zimenezo. Unali mantha basi. Ndinabwerera pa tebulo langa n'kuyamba kukonza riboni ya makina imene inalibe vuto lililonse.

Panapita mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu. Pambuyo pake Inambao anadzandiuza kuti anayesa kudzuka katatu kuti atuluke akagwade pa benchi paja, koma miyendo inakana. Anati akanaona atate ake akumwetulira pa benchi, akanabwereranso ndi envelopu m'thumba. Ndiye anachita chinthu chokhacho chimene dzanja likanatha kuchita popanda miyendo.

Belu linalira.

Miyezi isanu ndi itatu bwana anali asanalidinepo, moti ngakhale Jethro anatulutsa mutu pakhomo la chipinda chake. Ba Likando anadzambatuka ngati mnyamata. Nkhope imene ndinaiona pamenepo sindidzaiiwala, ndipo ndayesetsa. Anakoka malaya, anakonza chipewa, n'kunditsinzinira diso.

"Mwamvela?" ananong'ona. "Wakula manje."

Anagogoda kawiri, analowa, anaima mowongoka patsogolo pa tebulo, zidendene pamodzi.

"Bwana!"

Inambao sanadzuke. Anakhala pa mpando wake, maso ali pa tebulo, n'kutambasula envelopu ndi dzanja limodzi. Ba Likando anailandira ndi manja awiri.

"Niipeleke kuti, bwana?"

 Ba Likando anatembenuza envelopuyo kuti aone dzina, monga ankachitira ndi kalata iliyonse. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Eni sha," kumene kuli kuvomera kwaulemu kwa kwawo, anatembenuka, anatuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino osachimenyetsa.

Anakhala pa benchi, anatsegula envelopu mosamala ndi chala, n'kundipatsa pepala.

"Nibelengeleni, ba Mutinta."

Ndinawerenga kalata imene ndinaitayipa ndekha, ndikuitembenuza m'Chinyanja mzere ndi mzere. Inathokoza Likando chifukwa cha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito yokhulupirika. Inati kuyambira Lolemba apume.  Nditamaliza ndinayamba kufotokoza za mlendo uja, za kalata ya ku Lusaka, za pakamwa panga, koma anakweza dzanja kundiletsa.

"Apa pansi, iyi ni siginecha yake?"

"Ni yake."

"Anasaina yeka? Kulibe wina pamwamba pake anasainako?"

"Yeka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga pepala lija, anayendetsa chala pa dzina la mwana wawo.

"Munaona? Sananyamuke." Anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la pachifuwa, n'kumanga batani. "Waniposa."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kwa iwo kambirimbiri, koma nthawi zonse ankanena za mtsogolo, maso akuwala. Tsiku limenelo anawanena ngati munthu amene waperekeza mnzake ku siteshoni, sitima yanyamuka, iye watsala pa pulatifomu. Ndinalira ine, mayi wamkulu, pamaso pa Jethro. Iwo sanalire. Anandifunsa ngati pali makalata a ku positi, anawatenga, anapalasa njinga. Anagwira ntchito mpaka faifi koloko, anapukuta njingayo, n'kupachika kiyi wake pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Lolemba anatumiza yunifolomu ndi mkazi woyandikana nawo nyumba, yochapa ndi yosita.

Lamlungu lotsatira ndinadutsa dala pa nyumba yawo. Galimoto inali itangofika. Ba Likando anali pa mpando wawo wa ndalema, koma ataona Inambao akutsika, anadzuka, anapukuta mpandowo ndi dzanja, n'kuima pambali.

"Nkhalani, bwana."

Inambao anagwada pa mchenga n'kuomba m'manja. "Bo ndate, napapata, nkhalani pansi."

"Nili bwino, bwana."

Anakhala choncho, wina chogwada, wina chiimire, mpando uli pakati wopanda munthu. Ndinachoka chifukwa sindikanatha kupirira. Anthu oyandikana nawo anandiuza kuti zinkachitika choncho Lamlungu lililonse. Kaya chinali chilango, kaya unali ulemu umene anausunga zaka zonse zija n'kusowa kokaupereka, sindinadziwe, ndipo ndikukayika ngati iwo eni ankadziwa. Inambao anayamba kubwera kamodzi pa mwezi, kenako ankangotumiza ufa ndi sopo ndi dalaivala. Sindimuweruza. Ndi mwana uti angapirire kutchedwa bwana pakhomo pamene anabadwira?

Ku ofesi kunabwera mesenjala wina, bambo wa ku Maramba wokonda kugona. Belu linayamba kulira tsiku lonse, kakhumi, kakhumi ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse mtima wanga unkadumpha.

Ba Likando anamwalira mwezi wa Juni chaka chotsatira, nthawi yozizira. Anthu anati chinali chifuwa. Ine ndinali ndi dzina langa la matendawo, koma kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Pa maliro azimayi tinakhala m'nyumba, katundu atatulutsidwa panja. Inambao analowa kudzalankhula ndi azakhali ake, ndipo ndinamuona ataima mwadzidzidzi pakati pa chipinda, akuyang'ana khoma. Ndinatsatira maso ake. Chithunzi chake cha mkanjo wa ku yunivesite chinali pamalo pake. Msomali wa m'munsi uja sunalinso wopanda kanthu. Ba Likando anali atagula kafelemu ka galasi, n'kuikamo kalata yowachotsa ntchito ija, ataiwongola bwinobwino kuti siginecha ya mwana wawo izioneka.

Inambao anakhala pansi pomwepo, pa simenti, pakati pa azimayi, ndipo panalibenso womuuza kuti adzuke.